Mwafunsa, Tayankha: Kodi Galimoto ya Liwiro la pa Chigwa cha Mchere Ingapangidwe Kunyumba?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya magalimoto akalekale opanda denga amene amisiri amawapanga okha kunyumba kwawo ndi cholinga chokayesa liwiro m'zigwa zouma za m'chipululu.

FUNSO: Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndipo kwa zaka 14 ndakhala ndikupanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi ndi mawilibala. Posachedwapa mwana wanga anandionetsa pa foni kanema wa magalimoto opanda denga akuthamanga modabwitsa pa chigwa choyera mbee ku America, ndipo wofotokoza kanemayo ananena kuti ambiri mwa magalimotowo eni ake anawapanga okha m'magalaja a kunyumba. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, kodi ine amene ndili ndi makina owotcherera a ndodo, grinder ndi sowo ya zitsulo ndingathe kupanga felemu ya galimoto yotere? Mmisiri wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Bambo, wofotokoza uja sanakunamizeni. Chigwa chimene munaona ndi Bonneville Salt Flats, pafupi ndi tauni ya Wendover m'chigawo cha Utah, pamene kalekale panali nyanja yaikulu imene inaphwa n'kusiya mchere wosalala ngati tebulo. Bungwe la Southern California Timing Association, limene linakhazikitsidwa mu 1937 ndi anyamata okonda liwiro amene ankapikisana m'nyanja zouma za ku California, lakhala likukonza sabata ya mpikisano kumeneko kuyambira mu 1949, kawirikawiri m'mwezi wa August, ngakhale kuti zaka zina, monga 2014 ndi 2015, mpikisanowu unalephereka chifukwa mcherewo sunali bwino. Magalimoto amene munaona amatchedwa roadster. Maonekedwe awo ndi a magalimoto a ku America a zaka za m'ma 1920 ndi 1930, makamaka Ford ya mu 1929 ndi ya mu 1932, koma pansi pa bodi yakaleyo palibe chakale chilichonse, pakuti felemu, khola lotchinjiriza woyendetsa, mathanki ndi mapaipi onse amakhala opangidwa mwatsopano, nthawi zambiri ndi mwini wake pamodzi ndi anzake madzulo akaweruka kuntchito.

Pa mpikisanowu magalimoto sathamangitsana ayi. Iliyonse imanyamuka yokha, nthawi zambiri itakankhidwa ndi galimoto ina chifukwa magiya ake ndi a liwiro lalikulu lokhalokha, ndipo makina amayeza liwiro lake. Ikaposa liwiro limene lili m'buku pa gulu lake, imasungidwa pamalo apadera mpaka m'mawa mwake pamene imathamanganso, ndipo liwiro la maulendo awiriwo amaliphatikiza n'kuligawa pawiri. Amene walemba mbiri yatsopano yoposa mamailosi 200 pa ola, omwe ndi makilomita 322, angalandiridwe m'kalabu ya anthu otero n'kupatsidwa chipewa chofiira, ndipo pali anthu amene athera zaka zambiri ndi ndalama zosaneneka pofunafuna chipewa chimenechi basi.

Tsopano tibwere ku funso lanu lenileni. Ine sindikukayikira manja anu ngakhale pang'ono, chifukwa munthu amene wapanga geti lalikulu n'kulipachika likutseka bwino amadziwa kale kuti chitsulo chimakoka chikamazizira, ndipo kudziwa zimenezo ndi theka la ntchito. Burt Munro wa ku Invercargill m'dziko la New Zealand ankaumba yekha mapisitoni a njinga yake yamoto ya Indian ya mu 1920 m'kashedi, ndipo mu 1967, ali ndi zaka 68, analemba mbiri ku Bonneville komweko. Chimene ndikukayikira ndi chitsulo chimene mumagula ndi makina amene muli nawo. Galimoto yothamanga makilomita 320 pa ola imadutsa mamita 89 pa sekondi imodzi, pafupifupi utali wa bwalo la mpira, ndipo ikagubuduzika pa liwiro limenelo chimene chimatsala pakati pa munthu ndi imfa ndi khola la mapaipi limene lamuzinga. Geti likathyoka pamene munawotcherera, mwini wake amakuimbirani foni n'kudandaula, koma khola likathyoka palibe amene amatsala woti adandaule.

N'chifukwa chake malamulo a mpikisanowu amayambira pa paipi. Kwa magalimoto a liwiro lalikulu, khola liyenera kupangidwa ndi mapaipi obulungira a mamilimita pafupifupi 41 m'mimba mwake, okhuthala mamilimita atatu ngati ali a chitsulo wamba, kapena mamilimita 2.4 ngati ali a chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa chromoly 4130, ndipo aliyense wofuna kuyamba ntchitoyi amagula kaye buku la malamulo la chaka chimenecho asanadule paipi ndi imodzi yomwe. Mapaipi a madzi okutidwa ndi zinki ndiponso mapaipi a makona anayi amene timapangira mipando alibe malo pa ntchito imeneyi. Oyambawo ali ndi vuto linanso limene inu mukulidziwa bwino, loti utsi wake woyera umadwalitsa mutu ndi kutenthetsa thupi usiku ngati malungo. Amisiri ambiri a kumeneko amasankha paipi ya chitsulo wamba ya mtundu wa DOM, imene imakokedwa ku fakitale kuti ikhale yokhuthala mofanana ponseponse, chifukwa imakhululuka zolakwa zing'onozing'ono za wowotcherera, pamene chromoly ikatenthedwa kwambiri kapena ikaziziritsidwa mofulumira imasanduka yophweka kuthyoka m'mbali mwa msoko. Chizolowezi chathu chothira madzi pa chitsulo chofiira kuti tichigwire msanga chingaphe munthu pa ntchito ngati iyi.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi tebulo, osati ndi moto. Mmisiri amapanga kaye tebulo lachitsulo lolemera ndi losalala, amaliyeza ndi levulo mbali zonse, amajambula mzere pakati pake, ndipo chiwalo chilichonse cha felemu amachiyeza kuchokera pa mzere umenewo ndi tepi, chingwe ndi kamwala kolendewera ka amisiri omanga nyumba. Amayezanso kuchokera ngodya ina kupita ngodya yopingasa nayo, monga mmene inu mumachitira ndi felemu ya chitseko, kusiyana kwake n'koti pano kuphonya kwa mamilimita ochepa kumachititsa galimoto kukokera mbali imodzi ili pa liwiro. Paipi ikafunika kupindidwa, amagwiritsa ntchito makina opindira okhala ndi chikombole cha saizi ya paipiyo, ndipo paipi imene yachita makwinya kapena yaphwatalala pokhota imatayidwa. Njira yothira mchenga m'paipi n'kuiwotcha ndi moto kuti ipindike ndi yabwino popanga mpando, koma imafewetsa chitsulo pamalo enieni amene chiyenera kulimba.

Pamene mapaipi awiri akukumana ndi pamene kuleza mtima kwa mmisiri kumaonekera. Nsonga ya paipi imasemedwa kuti ikumbatire inzake ngati kamwa la nsomba, ndipo ntchito imeneyi mungaichite ndi grinder ndi tupa zimene muli nazo kale, mutakulunga pepala lojambulidwa pa paipiyo kuti likutsogolereni. Mpata wotsala usakule kuposa waya wowotcherera. Ambiri a ife tinazolowera kutseka mpata waukulu ndi kachidutswa ka ndodo kapena ka msomali, n'kupala ndi grinder, n'kupaka penti, koma oyendera magalimoto pa mpikisano amafuna kuona msoko uli mmene unatulukira m'moto, popeza msoko wopalidwa umabisa mabowo. Felemu yonse imayamba yalumikizidwa ndi timadontho tokha, kenaka imayezedwanso, ndipo powotcherera kwenikweni mmisiri amadumpha uku ndi uku kuti kutentha kusakokere felemu mbali imodzi. Paliponse pamene pali makona anayi amaikapo paipi yopingasa kuti pakhale makona atatu, monga amachitira akalipentala pa denga la nyumba.

Makina anu a ndodo ndi abwino pa tebulo lija ndi pa ngolo yonyamulira galimoto, koma pa paipi yobulungira ya mamilimita atatu, imene dzanja liyenera kuizungulira m'malo opanikizika, amasiya zinyalala mkati mwa msoko paliponse pamene mwaima n'kuyambanso. Ntchito imeneyi imafuna njira yowotcherera yotchedwa MIG, kapena makamaka yotchedwa TIG, imene imagwiritsa ntchito mpweya wa argon wogulidwa m'masilinda. Malangizo anga ndi oti musayambe ndi galimoto. Pezani mwayi wophunzira TIG, dulani tizidutswa ta paipi makumi angapo, tilumikizeni, kenaka muzitidula pakati ndi sowo kuti muone ngati moto unalowa mpaka mkati, ndipo tina muzitipanikiza pa vayisi n'kutimenya ndi nyundo yaikulu. Tsiku limene paipi idzapindika ndi kung'ambika pambali, msoko wanu uli chikhalire, mudzakhala mutafika poyambira. Luso limenelo silidzakutayani ngakhale musadzaone Utah, chifukwa ndi lomwelo limene limafunika m'mafakitale a mkaka, shuga ndi zakumwa, kumene mapaipi a chitsulo chosachita dzimbiri ali ponseponse.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya umakaniko m'galaja ina kuno ku Johannesburg. Abwana anga akupanga roadster ya injini ya masilinda anayi yokhala ndi turbo, ndipo akufuna kudzaiyesa ku Hakskeen Pan. Anandipatsa ntchito yopanga mapaipi a ekizozi ochoka ku injini kupita ku turbo, ndipo ndinawapanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Kunja misoko ikuoneka yokongola, koma mapaipiwo ang'ambika kawiri pafupi ndi pamene turbo imamangidwa. Ndikulakwitsa pati? Ndiponso, kodi intercooler, ija yoziziritsa mpweya wochoka ku turbo, ndiiike pati, popeza kutsogolo kwa galimotoyi n'kochepa? Makaniko wochokera ku Mangochi, Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, abwana anu asankha malo odziwika. Hakskeen Pan, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa komweko, ndi chigwa cha dothi louma pamene galimoto ya Bloodhound, yoyendetsedwa ndi Andy Green, inafika makilomita 1,010 pa ola mu November 2019, anthu a m'deralo atatola ndi manja miyala yolemera matani oposa 16,000. Asankhanso bwino poika turbo. Inu a ku Johannesburg, mzinda umene uli mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, mukudziwa kale kuti galimoto imene imakoka bwino ku Durban imafooka ikakwera kwanuko chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndipo vuto lomweli lili ku Bonneville, kumene kuli mamita pafupifupi 1,280. Turbo ili ngati mvukuto wa wosula makasu, kungoti m'malo mwa manja imazunguzidwa ndi utsi wa injini yomweyo, ndipo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda kuti mafuta ambiri apse. Kufunika kwake kumaoneka tikakumbukira kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha galimoto kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imawirikiza kasanu ndi katatu. Kwa roadster, imene kutsogolo kwake kuli ngati khoma, masamu amenewa ndi owawa kwambiri.

Za kung'ambika, ndikuona zifukwa zitatu, ndipo n'kutheka kuti zonse zilipo pa ntchito yanu. Chachikulu ndi kufutukuka. Utsi wolowa mu turbo ungafike madigiri 900, ndipo pa mpikisano wamtunduwu injini imakhala pa mphamvu yake yonse kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo, osati masekondi khumi monga pa mipikisano ya mtunda waufupi. Chitsulo chosachita dzimbiri chimafutukuka kwambiri kuposa chitsulo wamba, moti paipi ya theka la mita ikatentha ndi madigiri 700 imatalika ndi mamilimita pafupifupi sikisi. Ngati mapaipi anu anayi ndi osiyana utali ndipo onse amangidwa mouma ku mbale yachitsulo imodzi ku injini ndi mbale ina ku turbo, iliyonse imakankha mwa iyo yokha, ndipo msoko wofooka ndi umene umalipira. Mankhwala ake ndi kupatsa paipi iliyonse pokhota poti izipumira, kudula mbale ya ku injini pakati pa masilinda mukamaliza kuwotcherera, ndi kukulitsa pang'ono mabowo a mabawuti a kumapeto kuti mbaleyo izitha kusuntha.

Chifukwa china chili mkati mwa paipi, kumene diso lanu silinafike. Chitsulo chosachita dzimbiri chikasungunuka chikukhudzana ndi mpweya wamba, kuseri kwa msoko kumatuluka zinthu zakuda zonyenyeka ngati shuga wopserera, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Dulani paipi imodzi mwa zong'ambikazo muone, ndipo ndikukhulupirira kuti muzipeza. Musanawotcherere, tsekani nsonga zonse za paipi, siyani kabowo kakang'ono kotulukira, ndipo lowetsani argon mkati mwake pang'onopang'ono mpaka mpweya wamba utatha. Argon ndi wodula, ndikudziwa, koma kupanga ntchito imodzi katatu n'kodula koposa. Ngati abwana angakwanitse, agule chitsulo cha nambala 321, chimene chili ndi titanium pang'ono ndipo chimapirira kutentha kuposa cha 304 chimene chimapezeka paliponse. Musagwiritse ntchito paipi yopyapyala ya ekizozi wamba, koma zigongono zokhuthala za mapaipi a m'mafakitale, ndi mbale za mamilimita 12, zimene muyenera kuzimanga ndi mabawuti pa chitsulo cholemera pozowotcherera kuti zisapindike. Burashi ndi tupa zimene zakhudzapo chitsulo wamba zisakhudze mapaipi amenewa. Ndikuchenjezeninso za mankhwala otsukira mabuleki amene amakaniko amakonda kupopera pa chilichonse: ena mwa iwo ali ndi chlorine, ndipo akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa phosgene umene umawononga mapapo ngakhale uli wochepa. Tsukani ndi acetone, ndipo dikirani iume.

Chachitatu n'chapafupi. Turbo ndi yolemera, ndipo ngati ikulendewera pa mapaipi ofiira ndi moto pamene injini ikunjenjemera, msoko wabwino motani udzatopa. Ipangireni chogwiriziza chochokera ku injini, osati ku felemu, chimene chinyamule kulemera kwake koma chikuilola kusuntha pang'ono.

Za intercooler, musavutike kuifunira malo kutsogolo. Mpweya wopanikizidwa ndi turbo umatentha kupitirira madigiri 100, ndipo ukalowa m'injini uli choncho umachititsa petulo kuphulika nthawi isanakwane mpaka kuboola pisitoni, koma bowo lililonse lolowetsa mphepo yoziziritsa limadya liwiro. Popeza ulendo wonse ndi wa mphindi zochepa, amisiri a ku Bonneville amanyamula kuzizira kwawo m'thanki. Amaika intercooler yozizira ndi madzi pafupi ndi injini, ndipo pampu imazunguza madziwo kuchokera m'thanki yodzaza ndi ayisi. Nzeru yake ndi yoti kilogalamu imodzi ya ayisi imameza kutentha kochuluka posungunuka, kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80. Thankiyo muipange ndi aluminiyamu ya nambala 5052, imene imapindika osang'ambika, mutayamba mwaipanga ndi katoni n'kuiyesa m'galimoto. Ikanimo timakoma ta mkati kuti madzi asamakhuthukire uku ndi uku, sefa kuti ayisi asatseke pampu, ndi pakamwa papakulu pothirira. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kosaoneka kamene kamaikuta kamafuna madigiri oposa 2,000, n'chifukwa chake imafuna TIG ya magetsi osinthasintha mbali, otchedwa AC, ndi kupalidwa ndi burashi yakeyake nthawi yomweyo musanayatse moto. Mukamaliza, ipopereni mpweya pang'ono n'kupaka madzi a sopo m'misoko yonse.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Ndinawerenga kuti eni magalimoto amenewa amawonjezera dala zitsulo zolemera, pamene ine ndimaphunzitsa ana kuti chinthu chopepuka ndicho chimafulumira. Kodi ndiwayankhe bwanji akandifunsa? Mphunzitsi wa ku Chipata, Zambia.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mumaphunzitsa n'zoona pa nkhani ya kunyamuka msanga, koma pano msewu ndi wa mamailosi angapo, ndipo chimene chikufunidwa ndi liwiro la kumapeto. Mchere sugwira matayala ngati phula. Galimoto imafika pa liwiro lina pamene mphepo ikuikankha mwamphamvu kuposa mmene matayala akumbuyo angagwirire pansi, ndipo kuyambira pamenepo matayala amangozungulira pachabe ngakhale injini itakhala ndi mphamvu zotsala, monga ichitira lole yopanda katundu m'matope a dzinja. Popeza malamulo a magulu a roadster amachepetsa kwambiri zimene munthu angasinthe pa maonekedwe a bodi, njira yotsala ndi kulemera, ndipo amisiri amaika mtovu kapena mbale zokhuthala za chitsulo zolemera makilogalamu mazana angapo.

Funso limene ana anu angalikonde ndi loti kulemerako kuikidwe pati. Atengereni muvi m'kalasi. Muvi umauluka molunjika chifukwa chitsulo chili kutsogolo ndipo nthenga zili kumbuyo, ndipo mukauponya chammbuyo umatembenuka wokha. Galimoto nayonso iyenera kukhala ndi pakati pa kulemera kwake patsogolo pa malo amene mphepo ya m'mbali imaikankha, apo ayi imazungulira, ndipo ma roadster amadziwika ndi khalidwe limeneli chifukwa ndi aafupi ndiponso alibe chipsepse kumbuyo. Mmisiri amene waunjika mtovu kuseri kwa matayala akumbuyo amapeza kugwira pansi koma amataya kulunjika, choncho zolemerazo amaziika pansi penipeni, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, zomangidwa ndi mabawuti akuluakulu ku felemu kuti zisasanduke chipolopolo pa ngozi. Thanki ya ayisi imene tafotokozera achimwene a ku Johannesburg imathandizanso pa ntchito yomweyi ikaikidwa pamalo oyenera.

Galimoto yolemera chonchi siima ndi mabuleki okha. Ku Bonneville yothamanga kuposa mamailosi 175 pa ola iyenera kukhala ndi parachuti, ndipo pomangirira chingwe chake ndi masamu enanso oti ana awaganizire. Chingwe chikamangidwa m'mwamba kwambiri, parachuti ikatseguka imanyamula matayala akutsogolo, ndipo chikamangidwa m'munsi kwambiri imanyamula akumbuyo, choncho mmisiri amayamba wapeza msinkhu wa pakati pa kulemera kwa galimoto yonse, woyendetsa ali mkati ndi mathanki ali odzaza, n'kuwotcherera chomangiracho ku felemu pa msinkhu umenewo.